Lero tawaika agogo, foni ili m'manja mwanga

Lachinayi usiku, kwathu ku Ntcheu.

Anthu abalalika, pakhomo patsala achibale ndi amayi a Mvano angapo amene agone konkuno mpaka mawa tikasesa. Ndakhala kuseri kwa nkhokwe, mkono ukundiwawabe. Lero tawaika agogo aakazi, amene anatilera ine ndi achimwene mayi athu atamwalira, ndipo mwambo wonse wa kumanda ndauonera pagalasi la foni.

Agogo anatisiya Lachiwiri m'bandakucha. Dzuwa lisanatuluke msuweni wanga anali atatsegula kale gulupu ya WhatsApp, ndipo pofika masana munali abale a ku Lilongwe, a ku Blantyre, a ku Joni, ngakhale mdzukulu wina amene ali ku Leeds. Maliro a agogo aamuna, ndili kamtsikana, anatuma mnyamata panjinga, ena anamvera pa wailesi, ndipo azakhali anafika titaika kale. Ulendo uno ndalama ya bokosi inakwana tsiku lomwelo. Ena anatumiza pa Airtel Money, ena pa Mpamba, achimwene pa Mukuru, ine n'kukatapa kwa ejenti pa Lizulu. Airtel Money inangoyamba mu 2012, Mpamba mu 2013, koma lero malume powerenga chipepeso amayamba ndi mayina a m'kope, kenako n'kuti "tsopano a pafoni", ndipo palibe amene amadabwa.

Achimwene sakanabwera. Ali ku Johannesburg zaka 6 tsopano, masiku 30 amene anawadindira pachipata anatha kalekale, ndiye akangotuluka kubwerera n'kovuta. Ntchito yawoyo ndi imene imadyetsa makomo atatu kuno. Dzulo usiku anandiimbira mawu akunjenjemera: "Chemwali, mawa mundigwirire foni. Ndikufuna ndiwaperekeze mayi wanga." Ndikanakana bwanji? Ndinagula bandulo yaikulu, foni ndinakatchajitsa kwa mnyamata wa sola, pawabanki ndinabwereka kwa aphunzitsi.

Titafika kumanda, mmodzi wa adzukulu okumba manda, bambo wachikulire, anandiona ndikukweza foni. Anati, "Mayi, kuno sikojambula." Sanalakwe, ndipo ndinachita manyazi. Malume anapita kukagwada kwa amfumu, anafotokoza kuti si kujambula koma mwana wa pakhomo amene ali kutali akufuna kulira nawo. Amfumu anakhala kaye chete, kenako anavomera ndi mutu.

Netiweki kuno imasankha malo. Pamene panakhala amayi anzanga siinkagwira, inagwira pachulu, chapatali pang'ono. Ndiye anzanga onse ali pansi, mapewa atagundana, akuimba, ine ndaima ndekha ngati mlendo, mkono uli m'mwamba. Pagalasi ndinkaona achimwene atavala ovololo ya kuntchito, atagwada m'kachipinda kosungira katundu, chipewa chili m'manja. Anali atapempha ola limodzi kwa abwana awo.

Pamene adzukulu anayamba kutsitsa bokosi, chithunzi chinaima.

"Chemwali, sindikuona. Kwezani pang'ono. Chemwali?"

Ndinakweza, ndinatembenuka, ndinasuntha mapazi awiri, maso ali patimizere ta netiweki. Chithunzi chitabwerera ndinadzutsa mutu, n'kupeza bokosi lalowa kale, adzukulu agwira makasu. Agogo anga atsikira m'manda ine ndikuyang'ana timizere. Ichi n'chimene chandikhala pamtima usiku uno, ndipo palibe amene ndingamuimbe mlandu.

Koma pali china chimene sindidzaiwala. Dothi loyamba litagunda bokosi, achimwene anamva. Analira mokweza, kulira kwa mwana weniweni, kukutuluka m'kafoni kakang'ono. Amayi amene anali atatonthola anatembenuka, anazindikira mawuwo, maliro anabukanso mwatsopano. Azakhali ankangoti, "Wabwera mwana wanu, mayi, wabwera." Kwa iwo achimwene analipo ndithu. Dzina lawo litaitanidwa pa nkhata, ndinakaika ndine, dzanja lina nkhata, lina foni, kuti aone pamene yagona. Anthu anandithokoza kwambiri pobwerera. Misozi yanga siinatuluke ngakhale dontho.

Madzulo ndinapeza anyamata anayi pansi pa mtengo wa mango, mitu pamodzi. Ndinayesa akuonera zithunzi za maliro. Unali mpira, koma wosaseweredwa pabwalo lililonse: osewera ake ndi zithunzi zoyendetsedwa ndi kompyuta, masewero amatha m'mphindi zochepa, ena n'kuyamba pompo, ndipo anthu amabetcherana ndalama zenizeni. Mwana wa asisi, wa zaka 19, anali ataluza ndalama yake ya minibasi yobwerera ku Balaka. Mnyamata ameneyu ndi amene ankamanga mpira wa mapepala wolimba kuposa onse m'mudzi muno, ankasewera mpaka agogo kumuthamangira ndi kamtengo kuti akadye. Ndinamukhazika pansi n'kumufunsa kuti timu imene waikira ndalamayo ili kuti. Anati, "Anti, ilibe kwawo, koma nthawi zina imapereka." Ndamupatsa ya ulendo, ndipo ndamuuza kuti nkhaniyi ndikaitula kwa mayi ake. Wakwiya nane. Akwiye.

Kunalinso wina amene anaika nkhope ya agogo ali m'bokosi pa status. Ndinamupempha achotse, anachotsa, koma anthu anali ataona kale. Agogo sankalola kujambulidwa opanda duku.

Kutada achimwene ananditumizira voisi noti. Ndinkayesa akuthokoza. Anali mawu a agogo, a chaka chatha, pamene ndinawagwirira foni kuti alankhule ndi mdzukulu wawo: akutsokomola, akuseka, akufunsa ngati ku Joniko kuli ufa woyera, nkhuku zikulira kumbuyo. Ine ndinali nditafufuta kalekale kuti foni ipeze malo, iwo anasunga. Ndamvetsera kanayi kuseri kwa nkhokwe kuno, ndipo mpamene ndalira, ndekha, mpaka azakhali anabwera kudzandifunditsa chitenje.

Mawa m'mamawa tikupita kukaona manda. Achimwene afunsa ngati ndidzawaimbirenso tikafika. Uthengawo ndauwerenga, iwonso aona kuti ndawerenga. Sindinawayankhe.