Mawindo a chipinda chakumadzulo: jipisamu mpaka pafelemu, popanda thabwa

Mawindo onse awiri a chipinda chakumadzulo tsopano angotsala kupakidwa penti. Kwa inu amene simunaone zomwe ndinalemba m'mbuyomu, nyumbayi ili ku Senga Bay ndipo makoma ake ndi a njerwa zootcha. Khoma lakumadzulo lokha ndilo ndinalikuta mkati ndi jipisamu (mabolodi okutira makoma ndi kudenga), pa timizati tachitsulo, n'kusiya mpata pakati, chifukwa dzuwa la Okutobala likaliwomba masana onse, limatulutsabe kutentha mpaka pakati pa usiku. Pamawindo ndikufuna jipisamuyo akhote n'kukafika pafelemu ya aluminiyamu, osakhomapo thabwa lozungulira. Khoma, kona yakuthwa, galasi, basi.

Mmisiri amene amandithandiza Loweruka sizinamukomere. "Abwana, tingokhomapo paini apa, pofika madzulo tatha." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, painiyo chiswe cha kuno chimupatsa zaka zingati?" Anaseka. Komabe mfundo yake ndi yomveka. Thabwa lija ntchito yake yeniyeni ndi kubisa mpata wokhota pakati pa khoma ndi felemu. Ukalichotsa, chilichonse chili poyera, ndipo poti kuwala kumalowera pomwepo, kabampu kakang'ono kamaoneka ngakhale uli pakhomo.

Ndiye nthawi yambiri inathera pa levulo ndi sikweya, tisanasakanize n'komwe chopaka chosalazira molumikizana mabolodi. Bolodi imabwera ya mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali. Pakhoma ndinaika ya 12 mm, koma tizidutswa ta m'mbali ndi pamwamba pa windo ndinadula ku bolodi yobiriwira ija yopirira chinyezi. Kuno kunyanja musaumire pamenepa. Jipisamu wamba ndi wokutidwa ndi pepala, ndipo pepala likanyowa limachita chuku. Tizidutswato ndinatiwongola ndi timatabwa topyapyala kumbuyo mpaka mbali zonse zitafanana, kuti felemu izioneka yofanana kukula kuzungulira konse. Masikuluu ndinatalikitsa pafupifupi masentimita 20, mutu wake kungomira pang'ono osang'amba pepala.

Pomwe jipisamu akumana ndi felemu ndi pamene pagona nkhani. Musamukanikize pa aluminiyamu. Aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo wamba: felemu ya mita imodzi ndi theka ikatentha ndi madigiri 30 imatalika pafupifupi milimita imodzi. Imaoneka yochepa, koma kufutukuka masana ndi kubwerera usiku tsiku ndi tsiku kumaswa chopaka chouma, mng'alu n'kutuluka. Ine ndinasiya kampata ka mamilimita 3 mpaka 5, n'kuikapo tear-away bead. Ndi kapulasitiki kooneka ngati L kokhala ndi kamlomo kotchinga felemu pamene ukupaka. Zikauma umangokoka kamlomoko, mzere n'kutsala wowongoka bwinobwino. M'mahadiweya a pa Kamuzu Road ku Salima sindinakapeze, ndinachita kukagula ku Lilongwe. Kampatako ndadzaza ndi acrylic sealant, chomatira chofewa chotsekera mipata, osati silikoni, chifukwa pa silikoni penti sagwira.

Kumakona akunja ndinasankha corner bead yapulasitiki, yomwe imateteza ndi kuwongola kona. Yachitsulo ndi yolimba ndithu, koma sandipepa ikapala zokutira zake, dzimbiri limadzatulukira pansi pa penti chinyezi cha Januwale chikafika. Pamakona apamwamba, pamene zidutswa ziwiri zikumana, ndinazidula mopendekera kuti zisasanjikizane. Chinanso, bolodi ya pakhoma ndinaidula ngati L kuzungulira kona ya windo m'malo molumikiza mabolodi awiri pakona pomwepo, poti ming'alu imakonda kuyambira pamenepo.

Kupaka chopakacho ndi katatu, ulendo uliwonse ndi mpeni wokulirapo, kufalitsa mpaka masentimita 30 kuchokera pakona kuti diso lisaone pomwe chopaka chathera. Koyamba ndinagwiritsa chaufa chosakaniza ndi madzi, chomwe chimalimba msanga ndipo sichinyala kwambiri. Ndi kutentha kwa Salima kuno, muzisakaniza chochepa nthawi imodzi ndipo muyambe m'mamawa. Ikakwana 11 koloko chimakuumirani m'chidebe. Mawindo atsekeninso, mphepo ya kunyanja imabweretsa mchenga womwe umakanda pamene mwasalaza. Popala ndimayamba ndi sandipepa ya 120 n'kumaliza ndi 180, nditavala chotchinga pamphuno, ndipo madzulo ndimagoneka tochi pakhoma kuti kuwala kuyende chammbali. Maenje amene masana sumawaona amatulukira onse, ndiye ndimawazunguliza ndi pensulo kuti ndidzabwererepo.

Pansi pa windo pokha ndasiyana ndi zithunzi za pa intaneti. Ambiri kumeneko amapinda jipisamu mbali zonse zinayi. Nyumba zawo mwina mawindo amakhala otseka chaka chonse. Kwathu kuno windo limakhala lotsegula, mvula yamkuntho imabwera mwadzidzidzi ana ali kusukulu, wina aikapo kapu ya madzi ozizira, wina mphika wa maluwa. Jipisamu, ngakhale wobiriwirayo, sanapangidwire madzi oima. Ndaikapo mwala wa granite wopyapyala, wodulidwa kuti ulingane ndi khoma osatulukira kunja, ndipo jipisamu wa m'mbali ndamukweza mamilimita 5 pamwamba pa mwalawo kuti asamayamwe madzi. Mayi a kunyumba akuti mwala wakudawo ukuoneka ngati wa pamanda. Ine ndikuti tione kaye makatani akalowa.

Chatsala ndi kupaka plaster primer, penti woyamba wa pansi, chifukwa pepala ndi chopaka zimamwa penti mosiyana ndipo popanda iye mizere imaonekera. Windo loyang'ana kumsewu ndiyamba nalo Loweruka likubwerali. Linalo lidikira kaye mvula yoyamba, ndione ngati felemu sikudontha kunja ndisanatseke zonse ndi penti.