Momwe ndinayambira kusambira motsata wotchi

Kusambira kwanga kunali kongopita uku ndi kubwerera mpaka mpweya utandithera, kenako n'kukakamira m'mphepete kumacheza. Ndimakhala pa Dedza boma, ndipo dziwe lomwe ndimapitako ndi la pamalo ena ogona alendo, pomwe amalola anthu akunja kusambira akalipira. Ndinkasangalala ndithu, koma mphamvu zinali zomwezo chaka ndi chaka. Zinthu zinayamba kusintha nditagula wotchi ya pamkono yosalowa madzi n'kuyamba kuwerenga nthawi yopuma.

Ndinayamba ndi kuyeza dziwe. Ndondomeko zambiri zosambirira zimalembedwa poganizira maiwe a mpikisano, omwe amakhala a mamita 25 kapena 50, monga la pa Kamuzu Institute for Sports ku Lilongwe lomwe linamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa (Region 5) a mu 2022. Lathu ndi laling'ono. Ndinabwereka tepi kwa mmisiri womanga nyumba, ndipo ndinapeza kuti ndi mamita pafupifupi 12 ndi theka. Ndiye kuti kupita ndi kubwera ndi mamita 25, ndipo kuchita zimenezo kanayi ndi 100. Popanda kudziwa zimenezi palibe chomwe mungalembe.

Tsiku lililonse losambira ndimaligawa panayi. Poyamba ndimatenthetsa thupi posambira pang'onopang'ono mamita 200. Kenako ndimakonza kasambiridwe: kumenya miyendo yokha nditagwira kathabwa koyandama, kapena kupalasa ndi mkono umodzi winawo utatambasuka kutsogolo. Ikatero imabwera ntchito yeniyeni, ndipo pomaliza ndimasambira mofatsa kuti mtima ukhazikike.

Pa ntchito yeniyeniyo m'pomwe pagona nkhani. Yoyamba yomwe ndinalemba inali mamita 50 kasanu ndi katatu, kupuma masekondi 20 pakati pake. Masekondi 20 enieni, osati "ndipume kaye pang'ono" kuja komwe kumatha mphindi zitatu. Ukafika kukhoma umayang'ana wotchi, kukoka mpweya kangapo, n'kunyamukanso mtima ukadagunda. Lamulo lake n'lakuti ulendo womaliza utenge nthawi yofanana ndi woyamba. Zimenezi zimakukakamiza kuyamba mofatsa kuposa momwe thupi likufunira, monga amachitira wokwera phiri la Dedza amene akufunadi kukafika pamwamba. Anthu akuluakulu ambiri amene amati alibe mpweya, ine ndimaona kuti mpweya ali nawo, kungoti amauthera pa mamita 50 oyambirira.

Thupi litazolowera, ndinasintha kawerengedwe. M'malo mowerenga kupuma, ndinayamba kunyamuka pa nthawi yoikika, mwachitsanzo pakatha mphindi imodzi ndi masekondi 30 alionse. Ukamaliza pa 1:10 wapuma masekondi 20. Ukachedwa n'kufika pa 1:20, kupuma kwatsala 10 basi. Wotchi ndiyo imakuuza ngati wayamba kufooka, usanadzimve wekha.

Kapumidwe ndinakachita kuphunzira padera. Mpweya umayenera kutuluka nkhope ili m'madzi, m'mphuno ndi m'kamwa, thovu likutuluka mosalekeza, kuti potembenuza mutu ntchito ikhale yongokoka wina. Sudzutsa mutu wonse, umangoupendeketsa, diso limodzi la magalasi osambirira lili m'madzi. Ukadzutsa mutu miyendo imamira, ndipo umayamba kukoka thupi lonse ngati katundu. Kuno tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, choncho befu amabwera msanga kusiyana ndi kunyanja.

Kuti ndidziwe liwiro londiyenera, ndimagwiritsa ntchito kayezedwe komwe aphunzitsi a kusambira amakonda. Umasambira mamita 400 mwamphamvu, kupuma mokwanira, kenako mamita 200. Nthawi ya 200 umaichotsa pa ya 400, yotsalayo n'kuigawa pawiri. Ngati 400 yatenga mphindi 9 ndipo 200 yatenga 4:10, yotsala ndi 4:50, theka lake 2:25. Limenelo ndi liwiro lomwe ungathe kulisunga pa mamita 100 alionse kwa nthawi yaitali, ndipo ntchito yeniyeni umaimanga pamenepo. Pakatha mwezi kapena kupitirirapo umayezanso.

Ndondomeko ya tsikulo ndimailemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka, n'kuika pepalalo m'kajumbo koonekera mkati, kutsamiritsa ndi botolo la madzi kukhoma. Ndikatuluka ndimalemba nthawi zanga m'kope. Pakati pa masiku osambira ndimasiyapo tsiku lopuma, ndipo mtunda ndimawonjezera pang'onopang'ono. Phewa la munthu wamkulu silichedwa kudandaula. Likayamba kulasa kutsogolo ndimachepetsa kupalasa n'kuchulukitsa za miyendo.

Chisanu cha kuno sichisewera. Mu Juni ndi Julayi madzi a dziwe losatenthetsedwa amaluma, ndiye ndimapita masana dzuwa lili paliwombo, kufupikitsa zonse, ndipo zala zikayamba kuuma ndimatuluka osalimbana nazo.

Nthawi zina ndimatsika msewu wa Khwekhwelere kudzera ku Golomoti kupita kunyanja cha ku Mtakataka. Kumeneko kulibe khoma logunda, choncho ndimawerenga mphindi: ziwiri kusambira, theka la mphindi kuyandama chagada, kubwerezabwereza. Ndimatsata gombe, sindilowera kwakuya, ndipo ndimamanga m'chiuno chingwe chokoka chigubu chopanda kanthu cha malita 5, chotseka bwino, kuti ndioneke patali komanso ndikhale ndi chogwira mwendo ukakokana. Ndisanavule malaya ndimapereka moni kwa asodzi n'kufunsa, "Bambo, ng'ona kapena mvuu zaonekako mbali ino?" Iwo ndiwo amadziwa madziwo, ndipo akati ayi musalowe, sindilowa. Mwera ukamaomba ndimakhala kumtunda, ndipo sindisambira popanda mnzanga woyang'anira. Malo a bango ndi madzi odikha ndimawapewa chifukwa m'momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo aliyense wosambira m'nyanja kawirikawiri ndimamulimbikitsa kuti azikayezetsa kuchipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo.