Vidiyo yathu ya pamsika ndi mafilimu a kung fu

Nyumba yathu yoonetseramo mafilimu ili kuseri kwa msika. Muli mabenchi asanu ndi atatu, TV ya mainchesi 43, amplifaya ndi masipika awiri. Mpira umadzaza nyumba Loweruka ndi Lamulungu, koma mkati mwa sabata amatidyetsa ndi mafilimu achitchaina, omwe anthu amangoti "a karate" ngakhale karateyo kwawo ndi ku Japan.

Poyamba tinkati bola mukhale ndewu. Tinalakwitsa. Filimu yomwe kamera ikunjenjemera, chithunzi n'kumaduka pa nkhonya iliyonse, anthu amaionera chogona. Za ku Hong Kong za m'ma 1970 ndi 1980 kamera ankaiika patali, munthu n'kumaoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, omenyanawo n'kusinthana nkhonya zingapo chithunzi chisanaduke. Jackie Chan ndi Sammo Hung, akatswiri a mafilimu amenewa, anakulira pasukulu imodzi ya zisudzo zodumphadumpha, ndiye ndewu zawo zimayenda ngati gule: kumenya, kuzinda, kupuma pang'ono, kenako phazi. Pa kupumako m'pamene nyumba yonse imakuwa.

Tsono ntchito yathu ndi kusaononga zimenezi. Mafilimu akalewa ndi otambalala, amasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Wina akadina Zoom kuti chithunzi chidzaze TV, m'mbali mumadulidwa, ndipo womenya uja amangooneka akuponya mwendo m'malere, mdani wake palibe. Rimoti timaitsekera m'kabati. Pokopera pa fulashi sitilolanso mafayilo opanikizidwa kwambiri, chifukwa pamene anthu akucheza chithunzi chimakhala bwinobwino, koma ndewu ikangoyamba chimasweka timabokositimabokosi. Filimu yatsopano timaiyesa pa ndewu yomaliza, osati poyambira.

Phokoso ndiye msika weniweni. Kulira kwa nkhonya ndi mphepo ya malaya ankaziikamo atamaliza kujambula, ndipo zikachedwa pang'ono chabe, nkhonya kufika mawu n'kubwera pambuyo, kukoma kwatha. Sipika ya Bluetooth inkatichita zimenezi, tinabwerera ku waya. Sipika imodzi timaiyang'anitsa kumsewu, odutsa akamva "phwa! phwa!" amalowa okha. Pa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa timasankha omwe womasulirayo amakhala chete ndewu ikafika. Ena amalongolola mpaka kukwirira nkhonya zonse, ndipo nthabwala zawo kachiwiri sizisekesanso.

Magetsi akazima timadalira batire ndi inveta, osati jenereta, popeza kulira kwake kumapha mawu a filimu. Batireyo timaitchaja m'mawa, chifukwa ikathera pakati pa ndewu yomaliza anthu amafuna ndalama zawo, ndipo sitingawatsutse. TV tinaikweza kupitirira mutu wa munthu woimirira, chifukwa mdani wamkulu akangolowa palibe amene amakhalanso pansi. Ana ovala yunifolomu sitiwalowetsa nthawi ya sukulu, ngakhale atanyamula ndalama m'manja.