Usiku umene ndinasanduka switchi ya firiza

Jenereta yolembedwa 3.5 kVA sipereka mawati 3,500 ayi. Zimene ungadalire ndi pafupifupi 2,800, ndipo masamu amenewa ine, woyendetsa zokuzira mawu za bandi, ndinali nditawachita tisanakweze katundu m'lole. Maampulifaya (makina opereka mphamvu ku masipika) awiri, ina ya masipika a besi ina ya apamwamba, mikisa, kiyibodi, kaampu ka gitala ndi mababu a LED a pasiteji, zonse pamodzi bandi ikamenya mwamphamvu zimafika cha m'ma 2,200. Malo otsala analipo ndithu.

Linali Tsiku la Anakubala, pa 15 October, pabwalo la bala ina kufupi ndi Balaka. Amene amadziwa kutentha kwa kumeneko mwezi umenewu andimvetsa. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, choncho zonse zinali pa jenereta yathu, imene tinaiika kutali kuseri kwa mpanda kuti phokoso lake lisamalowe m'maikolofoni. Kuchokera kumeneko tinakoka waya wa mamita 50, wapachiguduli uja. Ndinayatsa zinthu mwa dongosolo lake: mikisa kaye, ampulifaya pamapeto, kuti masipika asalandire chiphokoso chija cha "bhuu" chimene chimang'amba matwita, timasipika ta mawu apamwamba. Poyesa mawu masana zonse zinali myaa.

Nyimbo yoyamba inatha bwino. Pakati pa yachiwiri, anthu atangoyamba kutenthedwa miyendo, masipika onse anangoti zii. Kunatsala ng'oma zokha ndi mawu enieni a mtsogoleri wa bandi, opanda eko, opanda chowakometsera chilichonse. Masekondi anayi, kenaka "kete", nyimbo n'kubwerera ngati palibe chachitika. Achimwene aja anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana mikisa, poti ndiko kumene munthu wa zokuzira mawu amayang'ana akasowa chonena.

Patapita mphindi khumi zinachitikanso. Nyali zofiira za protect, zosonyeza kuti makina adzizimitsa podziteteza, pa maampulifaya onse awiri zinayaka limodzi, n'kuzima limodzi. Apa pali phunziro laulere kwa anzanga a ntchitoyi. Ampulifaya imodzi yokha ikalowa protect, kayang'aneni kutentha kwake kapena masipika amene mwaipachika, chifukwa awiri a 8 ohms (muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi) ukawalumikiza pambalipambali amapanga 4, ukawonjeza lachitatu watsikira pa 2.7 ndipo maampu ambiri sakondwa nazo. Koma ziwiri zikagwa nthawi imodzi, vuto lili ku magetsi. Ndinagwira zonse, sizinali zotentha kuposa masiku onse. Fiyuzi ya 13 amps m'pulagi inali yamoyo. Petulo analimo wokwanira.

Chete wadzidzidzi pa dansi ndi woopsa, chifukwa anthu amakhala akukuwa kuti amvane. Ulendo wachitatu bwalo lonse linamva bambo wina akuuza mayi wina kuti, "Mkazi wanga uja tinasiyana kale!" Ulendo wachinayi anamveka woimba besi akufunsa wa ng'oma ngati alandira kale ya transipoti. Ena kutsogolo anayamba kunena kuti a bandi ina atitchera mankhwala, ndipo gogo wina anadzandiuza mwachifundo kuti ndiwaze mchere kuzungulira siteji.

Ulendo wachisanu unali wanga. Mnyamata amene ndimayenda naye anandifunsa kukhutu ngati tingawonjezere eko pa maikolofoni ya mtsogoleri. Ine, mtima uli m'mwamba, ndinayankha ndi mphamvu zanga zonse: "Iwe, eko ithandiza chiyani? Vuto si makina, ndi kukhosi kwa achimwenewa!" Mawu anga oyamba anakwiririka m'nyimbo. Kuyambira pa "vuto" mpaka kumapeto, masipika anali atazima.

Bwalo linaphulika ndi phwete. Mtsogoleri anadikira kuti maikolofoni ibwerere, n'kunena modekha kuti, "Tiwombere m'manja injiniya wathu, akuti ayimba yotsatira." Ndinatenga mita yanga yoyezera magetsi ndi tochi n'kulowa pansi pa siteji. Kunena zoona, sindinapite kukafufuza vuto, ndinapita kukabisala.

Sitejiyo inali ya matabwa oyalidwa pa migolo, ndipo pamwamba panga atsikana ovina anali kupondaponda, fumbi lonse likuthera m'kamwa mwanga. Ndinalowetsa mita m'soketi ya pachiguduli: mavoti 226, bwinobwino. Ndili chigonere chafufumimba, ndinamva jenereta ikubuula chapatali, manambala n'kugwa kufika m'ma 170, masipika zii. Chiguduli chenichenicho chinali chotentha, poti mnyamata uja anasiya theka la waya lili chikulungire, ndipo waya wokulungidwa ukanyamula katundu wolemera sutaya kutentha. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi pulagi yachinayi. Ine ndinalowetsamo atatu. Iyi inali yoyera, yomangidwa ndi pulasitiki ya shuga, kawaya kake kopyapyala kakulowera kubala.

Ndinakatsatira chokwawa mpaka kuseri kwa kauntala. Firiza yaikulu yakalekale, yodzaza mowa ndi zoziziritsa kukhosi. Firiza ikamayenda sidya magetsi ambiri, koma kompuresa yake, kainjini kamene kamaiziziritsa, ikamadzuka imakoka kasanu kapena kuposa apo kwa kanthawi kochepa, makamaka ikakalamba. Pa jenereta yaing'ono, kumapeto kwa waya wautali, besi ikugunda, kukoka kumeneko kumagwetsa mavoti ndipo maampulifaya amadziteteza pozima. Kutentha kwa October, chitseko chikutsegulidwa mphindi iliyonse, kompuresayo inkangodzukadzuka.

Ndinazula. Dzanja la mayi mwini bala linandigwira pakolala pomwepo.

"Bambo, mwazula chiyani?"

"Mayi, firiza yanuyi ndi imene ikutizimitsira nyimbo."

"Nanga amene akulipireni usiku uno ndi nyimbo kapena mowawu?"

Ndinayesa kufotokoza za mavoti. Anandiyankha kuti iwo a mavoti amawaona nthawi ya chisankho basi, ndipo mowa ukatentha anthu apita kubala ya patsidya, ife tikaimbire mbuzi. Zinafika pa mwana wakana phala. Mtsogoleri anaitanidwa, ndipo mlandu anauweruza mwachangu ndi chimwemwe chooneka: nyimbo ikamayimbidwa firiza izikhala yozula, ikangotha izilowetsedwa. Wogwira ntchito imeneyi akhale munthu wodziwa bwino za magetsi.

Mikisa inatsala ndi mnyamata uja. Ine ndinakhala pa kireti kuseri kwa kauntala, pulagi m'manja, thukuta lili kamukamu, kudikira kuti ng'oma zitseke nyimbo. Ndinachenjeza kuti kompuresa sifuna kuzimitsidwa ndi kuyatsidwa mothamanga, imafunika mphindi zingapo kuti mpweya wake ukhazikike, choncho MC anayamba kutalikitsa nkhani pakati pa nyimbo. Anapereka moni kwa amayi onse, mudzi ndi mudzi. Atatha midzi anayamba kulengeza poyera kuti, "Tipume kaye pang'ono, injiniya akuziziritsa mowa."

Cha m'ma 2 koloko bambo wosiyana ndi mkazi uja anabwera pakauntala, nagwira botolo lake, n'kundiuza kuti ntchito yanga sindikuidziwa.