Turntable yoyamba: yang'anani singano ndi magetsi, zina zija n'zokongoletsa chabe

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti makina oimbira mbale agule ati, ena apeza mbale za agogo mu sutikesi ku Mufakose kapena ku Highfield muno mu Harare, timbale tating'ono ta 45 (tozungulira maulendo 45 pa mphindi) ta nyimbo za sungura ndi chimurenga timene makampani a Gramma ndi Teal ankatulutsa m'ma 1970 ndi 1980, ena angotengeka ndi za pa Instagram basi. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Zija zooneka ngati kachikwama zokhala ndi sipika mkati momwemo, zisiyeni chonde. N'zokongola inde, komanso n'zotchipa, koma singano yake imakanikiza mbale kwambiri, zambiri magalamu 5 kapena kuposa pamene makina abwino amasewera pa 2 kapena 3, ndipo palibe posinthira. Komanso sipika ndi singano zikakhala m'bokosi limodzi, bezi ya sungura ikangogunda singano imanjenjemera n'kuyamba kudumpha. Mbale ya agogo ikakandika simukaipezanso kwina.

Kwa munthu wongofuna kumvera Lamlungu masana uku akusita zovala, ine ndimati Audio-Technica AT-LP60X yakwana. Mumangodina batani, mkono umanyamuka wokha n'kukatera pa mbale, ikatha umabwerera wokha, imaimba mbale zazikulu za 33 ndi zazing'ono za 45 zonse, ndipo singano ikatha mumangoizula n'kuika ina, wachibale wa ku Johannesburg atha kukubweretserani m'thumba la malaya. Sony PS-LX310BT ndi chimodzimodzi koma ili ndi Bluetooth ngati muli kale ndi sipika ya mtundu umenewo. Zonse ziwiri zimayendera lamba. Za direct drive, zimene mota imazunguza mbale popanda lamba, ngati Technics SL-1200, ija inatuluka mu 1972 n'kukhala ya ma DJ, n'zabwino zedi koma mukulipirira mphamvu yoti simudzaigwiritsa ntchito pa sitingirumu.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi preamp. Mawu ochokera pa singano ndi ochepa kwambiri, komanso pojambula mbale amachepetsa dala bezi n'kukweza mawu akuthwa kuti mizere ikwane, potsata muyezo wa 1954 wa RIAA, bungwe la makampani a nyimbo ku America, ndiye pamafunika kachipangizo kokweza mawuwo ndi kubwezera zonse m'malo mwake. Mukalumikiza popanda iko nyimbo imamveka yowonda ngati wailesi yoti mabatire atha, munthu n'kumati amugulitsa chakufa pamene ayi. Ziwiri ndatchulazi zili nako mkati. Kumbuyo kuli kaswitchi ka PHONO ndi LINE, ngati ampu yanu yakale ili ndi polowetsa polembedwa PHONO ikani pa PHONO, ngati ilibe ikani pa LINE, mwamaliza.

Tsono nkhani ya magetsi, iyi ndiye ya ife kuno. Magetsi a ku Zimbabwe ndi 220 mpaka 240 volts pa 50 Hz, chimodzimodzi kumudzi ku Malawi, South Africa ndi UK, pamene ku America ndi 120 pa 60 Hz. Wina akati akutumizireni yakale yochokera ku America musathamangire kuthokoza. Thiransifoma imakonza ma volts okha, koma makina ambiri akale mota yake imatsata ma Hz, ndiye kuno mbale ya 33 imazungulira pafupifupi 28, woimba amamveka ngati waledzera. Werengani kachizindikiro kumbuyo kapena pa adaputa, pakalembedwa 100-240V 50/60Hz muli bwino. Ndipo poti masiku ano theka la nthawi tili pa sola, dziwani kuti invetala yotchipa imatha kulowetsa kaphokoso kong'ung'udza m'masipika, ya pure sine wave ndiye imakhala phee.

Yogwiritsidwa kale ntchito ndi bho ngati mwaiyesa, kaya ku flea market ya ku Avondale kaya pa Facebook. Tengani mbale yanu imene mumaidziwa bwino koma yosadandaulitsa, mumve ngati masipika onse awiri akulankhula, ngati liwiro silikukwera n'kutsika (kawirikawiri ndi lamba walefuka, watsopano ndi wotchipa), ndipo funsani nambala ya singano muone ngati ikupezekabe. Wogulitsa akati "ikugwira amwene, kungoti magetsi kulibe", bwererani tsiku lina.

Ma radiogram a Supersonic opangidwa ku Bulawayo aja, mabokosi a wailesi ndi choimbira mbale pamodzi, amene akadali pakona m'nyumba zambiri atafunditsidwa kansalu koluka, ndimawakonda koma musaikepo mbale musanasinthe singano. Ambiri ali ndi singano yotembenuza, mbali ina LP (ya mbale za 33 ndi 45) mbali ina 78 (ya mbale zakale kwambiri), ya 78 ndi yonenepa siikwana m'mizere ya mbale za 33 ndi 45.

Mbalezo muziziimika chilili osati kusanjikiza, kutali ndi windo, dzuwa la Okutobala la muno mu Harare limapinda mbale masana amodzi okha, ndipo mbale yopindika ngakhale Technics siingaiwongole.