Ulendo wa ku Sombor, kwawo kwa Nikola Jokić

Sombor ndi tauni ya kumpoto chakumadzulo kwa Serbia, m'chigawo cha Vojvodina, kufupi ndi malire a Hungary ndi Croatia. Anthu ake angopitirira 40,000 pang'ono. Komabe aliyense wotsatira basketball ya NBA, ligi yaikulu ya ku America, amalidziwa dzinali, chifukwa ndi kumene Nikola Jokić anabadwira pa 19 February 1995, ndiponso ndi kumene amathamangira sizoni ikangotha ku Denver, kumene amasewerera timu ya Nuggets. Msewu wochokera ku Belgrade kudzera ku Novi Sad mpaka ku Sombor ndi womwewo umene iye anadutsa pokwera m'ntchito yake, kungoti inu muuyenda chobwerera.

Yambani ndi mapepala. Serbia sili mu European Union kapena m'gulu la Schengen, choncho ili ndi viza yakeyake. Amene ali ndi viza ya Schengen, ya Britain kapena ya America yomwe ikugwirabe ntchito amaloledwa kulowa kwa masiku osapitirira 90 popanda kufunsira ina. Lamulo limene alendo ambiri amaliiwala ndi loti mlendo alembetsedwe ku polisi pasanathe maola 24. Hotela imachita yokha zimenezi, koma mukafikira kunyumba ya munthu, pitani naye ku polisi mukatenge kapepala, chifukwa akhoza kukakufunsani potuluka. Ndalama yawo ndi dinar, ndipo euro imodzi imasinthidwa pafupifupi 117. Sinthani zochepa pabwalo la ndege la Nikola Tesla, zotsalazo mukasinthire m'tauni pa timaofesi tolembedwa menjačnica.

Ku Belgrade ndi kumene Jokić anapangidwira kukhala wosewera. Maso a alendo amathamangira ku Partizan ndi Crvena zvezda, matimu akuluakulu amene amadzaza bwalo ndi ng'oma ndi nyimbo, koma iye sanadzere kumeneko. Kumapeto kwa 2012, ali ndi zaka 17, anasaina ku Mega, timu yaing'ono imene ntchito yake ndi kulera achinyamata n'kuwagulitsa kunja. Miško Ražnatović, amene amayendetsa mapangano a osewera ambiri, amanena yekha kuti anamupeza poona ziwerengero za masewera a achinyamata m'nyuzipepala. Mnyamatayo anafika ali wonenepa, wopanda mphamvu m'manja, moti anayamba kaye ndi kulimbitsa thupi. Kochi wake anali Dejan Milojević, yemwe posewera anali wamfupi pa malo a pansi pa mkombero, mamita 2.01 okha, koma anapambana ulemu wa wosewera wopambana onse mu ligi ya Adriatic katatu motsatizana chifukwa cha kaponderedwe ka mapazi ndi nzeru. Zimenezi ndi zomwe anamusiyira Jokić. Milojević anamwalira mu January 2024 ali wothandizira kochi ku Golden State Warriors.

Pa draft ya 2014, mwambo umene matimu a NBA amasankhira osewera atsopano, Denver Nuggets inamusankha pa nambala 41, m'gawo lachiwiri, nthawi imene wailesi ya kanema ku America inali kuonetsa malonda a malo odyera a Taco Bell. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti panagona mwayi wake wonse: sananyamuke. Anatsala ku Mega chaka china, akusewera mphindi zambiri, akulakwitsa n'kumakonzedwa, mpaka anasankhidwa kukhala wopambana onse mu ligi ya Adriatic sizoni ya 2014-15. Anakwera ndege ya ku Denver mu 2015 ali wokonzeka.

Kuti muone kufunika kwa chaka chimene anatsalacho, imani ku Novi Sad. Sitima yothamanga ya Soko imafika kumeneko kuchokera pa siteshoni ya Beograd Centar ku Belgrade m'mphindi zosakwana 40, koma funsani kaye ndondomeko, chifukwa denga la kutsogolo kwa siteshoni ya mzindawu linagwa pa 1 November 2024 n'kupha anthu 16, ndipo kayendedwe ka masitima kanasokonekera kwa nthawi yaitali. Jokić anasewerapo m'timu ya achinyamata ya Vojvodina mumzindawu. Ndi kwawonso kwa Darko Miličić, amene Detroit Pistons inamusankha pa nambala 2 mu 2003 ali ndi zaka 18, patsogolo pa Carmelo Anthony ndi Dwyane Wade. Anafika m'timu yomwe inkalimbirana chikho, yopanda nthawi yophunzitsa mwana, ndipo zaka zimene akanakula anazithera pa benchi. Kuchedwa nakonso kuli ndi mtengo wake. Miloš Teodosić anapita ku Los Angeles Clippers mu 2017 ali ndi zaka 30, phazi linamuvuta koyambirira komwe, ndipo mu 2019 anali atachoka.

Chimawathyola n'chiyani? Masewera a ku Ulaya ndi a mphindi 40, a NBA ndi a 48. Sizoni ya NBA ili ndi masewera 82 musanafike mu ndime ya chipulula, nthawi zina usiku uwiri wotsatizana m'mizinda yotalikirana. Mzere woponyera mapointi atatu uli pa mamita 6.75 ku Ulaya, koma ku NBA umafika 7.24. Kuwonjezera apo, wotchinga saloledwa kuima pansi pa mkombero kupitirira masekondi atatu ngati sakulondera munthu, ndiye wamtali wochedwa mapazi amakokeredwa kunja n'kudutsidwa. Denver nayo ili pamtunda wa mamita 1,609, kumene mpweya umapereŵera m'chifuwa. Jokić, wa mamita 2.11, sanayese kupikisana pa liwiro. Amaima pakatikati ndi mpira m'manja, anzake n'kumathamanga, iye n'kumawapatsira asanaone okha kuti ali pambalambanda. Zotsatira zake ndi MVP, ulemu wa wosewera wopambana onse mu NBA, mu 2021, 2022 ndi 2024, ndi chikho choyamba m'mbiri ya Nuggets mu 2023, atagonjetsa Miami Heat masewera anayi kwa amodzi.

Kuchokera ku Novi Sad kwatsala makilomita pafupifupi 90 pa basi. Wochokera ku Belgrade mwachindunji awerengere maola atatu. Sungani ndalama zing'onozing'ono, chifukwa chikwama choika pansi pa basi chimalipiridwa padera kwa dalaivala. Dziko la kuno ndi lathyathyathya, minda ya chimanga, mpendadzuwa ndi soya mpaka kumene maso alekezera, ndipo midzi yake ndi ya nyumba zondondozana m'mbali mwa msewu umodzi wautali.

Sombor weniweni mumamuzungulira wapansi. Misewu ili mu mthunzi wa mitengo ya bođoš, imene anthu a kuno amanyadira kwambiri. M'nyumba yaikulu ya boma yotchedwa Županija muli chithunzi cha nkhondo ya ku Senta chojambulidwa ndi Ferenc Eisenhut, cha mamita 7 m'litali ndi 4 m'mwamba. Bwalo la basketball la pa sukulu ya pulayimale ya Dositej Obradović, kumene Jokić anaphunzira, ndi lapanja, ndipo pakhoma pali chithunzi chake chachikulu. Njala ikakupwetekani funsani riblji paprikaš, nsomba za m'mtsinje zophikidwa mu mphika wolendewera pamoto, msuzi wake wofiira ndi tsabola, wothiridwa pa timizere ta ufa wa tirigu. Minga ilimo yambiri, idyani modekha.

Malo amene amamufotokoza bwino kuposa bwalo la mpira ndi hipodrom, kothamangitsira mahatchi. Mpikisano wa kuno ndi woti hatchi imakoka kangolo ka mawilo awiri, woyendetsa atakhala kumbuyo kwake miyendo itatambasuka. Hatchi iyenera kuthamanga mwa ndawala yokhazikika. Ikayamba kudumpha, woyendetsa aibweze msanga, apo ayi ichotsedwa. Jokić ali ndi khola lotchedwa Dream Catcher, ndipo chikho chake cha MVP cha 2022 akuluakulu a Nuggets anachita kumubweretsera komweko. Mipikisano imachitika masiku osankhidwa m'miyezi yotentha, choncho funsani tsiku ku ofesi ya alendo musanagule tikiti ya basi. Kukhola ndi kunyumba kwake musapiteko osaitanidwa, anthu a ku Sombor amamusiya akhale ngati mnzawo wamba ndipo amayembekeza mlendo kuchita chimodzimodzi.

Mukapita pakati pa October ndi April, iye simumupeza, mahatchinso nthawi zambiri amakhala akupuma. Masewera oyamba 7 koloko madzulo ku Denver amaoneka 3 koloko m'bandakucha ku Sombor, pamene ku Malawi ili 4 koloko m'miyezi yachisanu ya ku Ulaya. Ubwino wa miyezi imeneyi ndi woti EuroLeague, ligi ya matimu akuluakulu a ku Ulaya, ili mkati, ndiye pobwerera ku Belgrade mungathe kuonera Partizan kapena Crvena zvezda. Matikiti gulani pa intaneti masiku angapo zisanachitike, ndipo musavale zofiira popita kwa Partizan kapena zakuda ndi zoyera popita kwa Zvezda.