Grimspound ndi Merrivale: mabwinja a pa Dartmoor

Dartmoor, ku Devon m'dziko la England, ndi chitunda chachikulu cha udzu, madambo ndi miyala, mitengo yochita kuwerenga. Mabwinja ake ambiri ndi olekeza m'mawondo, moti wofika mu Julayi atha kuponda malire a munda wa zaka zoposa 3,000 osadziwa, zomera zowirira zotchedwa bracken zitawakwirira. Pitani pakati pa Novembala ndi Epulo, m'mamawa dzuwa lisanakwere. Apo timakoma ta malirewa, totchedwa reaves, timadziulula ndi mthunzi wake.

Yambirani ku Grimspound, bwinja la mudzi wamakedzana. Mukapatuka pamsewu wa B3212 kulowa kamsewu kopapatiza, pali poimika magalimoto ochepa chabe, kenaka kamtunda kakafupi. Mpanda wamiyala, wokhuthala pafupifupi mamita atatu, wazinga nyumba zozungulira 24, kamtsinje ka Grims Lake n'kudutsa cham'mphepete. Nyumbazi ndi zazing'ono, zambiri mamita atatu kapena anayi m'mimba mwake. Gwadani pakhomo la imodzi muone: miyala iwiri yoimika, pansi poyala miyala yaphanthiphanthi, khomo litafulatira mphepo. Zina zili ndi kakhonde kokhota kuti chisanu chisalowe molunjika. Koma imene ikuoneka yaudongo kwambiri musaikhulupirire msanga, poti amene anakumba pano mu 1894 anamanganso makoma ena.

Ku Merrivale, m'mbali mwa B3357 pakati pa Princetown ndi Tavistock, kuli mizere iwiri ya miyala yoimikidwa iwiriiwiri, wina mamita 182, wina 263. Pafupi pali manda amiyala omwe chivundikiro chake chinadulidwa pakati, anthu atasemapo nsanamira za pageti.

Chimene chimasokoneza ulendo ndi chifunga. Chimagwa mwadzidzidzi, mapiri onse n'kufanana, ndipo foni imatha moto msanga kukazizira. Tengani kampasi ndi mapu apepala a Ordnance Survey OL28. Pamene pabiriwira mowala kuposa ponse ndi pa ndere zoyandama pathope, mwendo umalowa mpaka m'ntchafu, choncho pondani pa zitsinde za udzu kapena zungulirani. Kumpoto kwa msewu wa Merrivale asilikali amaphunzirako kuombera: mukaona mbendera yofiira masana kapena nyali yofiira usiku, musadutse nsanamira zamalire. Buluku mulowetse m'sokosi kuopa nkhupakupa. Ndipo mwala wa pabwinja, ngakhale wooneka wotayika, lamulo salola kuusuntha.